Kodi Wopeka Thambo Ngwabodza?

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, nkhungu ikachoka ndipo mphepo ikadekha, thambo la kumapiri a ku Dedza limaoneka ngati latsika pafupi ndi madenga. Tawuni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita pafupifupi 2,200. Kumalo okwera chotere mpweya umakhala wozizira ndi woyera, kotero kuti usiku wopanda mwezi nyenyezi zimachita kuthithikana. Aliyense amene adayang'anapo thambo lotere amadziwa kuti munthu sakhutira ndi kuona kokha. Mtima umafuna kudziwa kuti zounikirazo adaziika ndani, zimayenda bwanji, nanga zikutiuza chiyani. N'chifukwa chake n'kovuta kupeza mtundu wa anthu umene udalisiya thambo lopanda maina ndi nthano.

Masiku ano kuli alembi amene amapitirira pamenepo. Iwo sangotcha maina nyenyezi zimene zilipo kale, amapekanso dziko lonse latsopano pamodzi ndi thambo lake. Mlembi amakhala pansi ndi pepala n'kugamula kuti dziko la m'nkhani yake likhale ndi miyezi iwiri, kapena madzuwa atatu, kapena mkombero wa miyala ndi madzi oundana wolizinga ngati chibangili pamkono. Wina amaika midzi ya anthu m'mlengalenga, yomazungulira dzikolo usana ndi usiku. Apa m'pamene pagona funso la chimangirizo chino. Kodi munthu wopeka thambo limene kulibe ngwabodza? Ngati sali wabodza, kodi ali ndi ufulu woika m'thambomo chilichonse chimene mtima wake wafuna? Maganizo anga ndi akuti kupeka thambo si kunama, koma wopekayo amakhala ndi ngongole zitatu: ngongole kwa nzeru, ngongole kwa anthu, ndi ngongole kwa thambo lenileni limene tonse timagona pansi pake.

Tiyambe ndi kuzindikira kuti luso limeneli silidabwere ndi sitima. Makolo athu adalikonza thambo monga momwe munthu amakonzera nyumba yoti akhalemo. Mzere woyera wodutsa pakati pa thambo adautcha Mlalang'amba. Kagulu ka nyenyezi zounjikana, kamene kamatuluka kum'mawa madzulo a mwezi wa Novembala mvula ili pafupi, adakatcha Nsangwe. Nyenyezi zitatu zondondozana, za m'gulu limene azungu amalitcha Orion, adazitcha Akamwiniatsatana, ndipo yowala m'bandakucha adaitcha Nthanda. Omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka m'chaka cha 1922, adawapeza maina ena mwa amenewa ali pakamwa pa anthu ndipo adawagwiritsa ntchito m'buku la Yobu. Tikalimvetsetsa dzina loti Akamwiniatsatana tiona kuti ndi mudzi wa Achewa umene wakwezedwa kumwamba. Anthu okhawo amene amadziwa za chikamwini ndiwo akadaona amuna atatu akutsatana ulendo wa kumudzi kwa akazi awo pamene ena adangoona timoto titatu.

Sadalekere pa maina. Nthano ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imanena kuti pachiyambi thambo lidatseguka, mvula idagwa, ndipo Chauta adatsika pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, nasiya mapazi awo pathanthwe limene padali pasadaume. Onse adakhalira pamodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu adapeka moto ndi timitengo tiwiri. Tchire lidapsa, nyama zidathawa zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. M'nthano imeneyi muli dongosolo lonse la dziko: kumwamba kuli mwini wake, pansi pali munthu, ndipo pakati pali njira yopyapyala imene mvula imatsikira ndiponso mizimu imakwerera. Nako ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006, Akafula adasiya zithunzi zofiira za mizere ndi zozungulira, zimene akatswiri ena amazilumikiza ndi miyambo ya mvula ndi kubereka. Achewa adadzawonjezera zoyera zokhudza chinamwali ndi Nyau. Mapanga a Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi ndi umboni woti anthu a m'mapiri amenewa adayamba kalekale kujambula zimene maso okha sangazione.

Tsono kodi onsewa adali abodza? Funsoli si latsopano. Plato, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece amene adakhala ndi moyo zaka zoposa 2,300 zapitazo, adadandaula m'buku lake lotchedwa Republic kuti alakatuli amadzaza mitu ya ana ndi nkhani zosaona zokhudza milungu, ndipo adafuna kuti otere asapatsidwe malo mumzinda wolongosoka. Dandaulo lakeli sitingalitaye kunja ngati madzi otsukira mbale, chifukwa zimene mwana wamva ali wamng'ono zimamera mizu. Komabe pali kusiyana kwakukulu pakati pa bodza ndi nthano. Wabodza amabisa kuti akupeka, ndipo cholinga chake n'chakuti womverayo agwe m'mbuna. Wokamba nthano amaulula poyera. Akanena kuti "Padangotelo", omvera amavomera kuti "Tilitonse", ndipo mawu awiriwa ndi pangano. Onse agwirizana kuti kwa kanthawi Kalulu alankhula ndipo Fisi apita kuchikamwini. Palibe amene wapusitsidwa. Chimodzimodzinso mlembi amene walemba pachikuto kuti buku lake ndi nkhani yopeka wanena kale "Padangotelo" wake.

Chitsanzo chabwino ndi nthano ya akazi a mwezi, imene Alice Werner, yemwe adakhalako m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890, adailemba kuti ndi ya Anyanja. Akuti mwezi uli ndi akazi awiri. Wa kum'mawa, Chekechani, saudyetsa bwino, kotero ukakhala kwa iye umaonda mpaka kutheratu. Wa kumadzulo, Puikani, amaudyetsa bwino mpaka umanenepanso. Akatswiri a zakuthambo amatiuza kuti nyenyezi ya m'mawa ndi ya madzulo ndi chinthu chimodzi, pulaneti yotchedwa Venus, imene imakhala miyezi ingapo ikuoneka kumadzulo dzuwa likangolowa, kenaka imazimirira n'kudzatulukira kum'mawa m'bandakucha, ndipo ulendo wonsewu umatenga masiku 584. Amatiuzanso kuti mwezi suonda, koma kuti pamasiku 29 ndi theka alionse timaona mbali yosinthasintha ya theka lake limene lawalidwa ndi dzuwa. Komatu amene adapeka nthanoyi adali ndi maso akuthwa. N'zoona kuti mwezi wotsala pang'ono kufa umaoneka kum'mawa kusadache, ndipo wongokhala kumene umaoneka kumadzulo dzuwa litalowa. Mwana amene waimva nthanoyi sangasokonezenso mwezi wakufa ndi watsopano. Nthano idasunga choona m'chotengera chopeka.

Pamenepa m'pamene payambira ngongole yoyamba, ya kwa nzeru. Mlembi ali ndi ufulu woika miyezi iwiri m'thambo lake, koma akatero alibenso ufulu wonyalanyaza zotsatira zake. M'Chichewa liwu loti "mwezi" limaimira chounikira cha usiku, limaimira nyengo ya masiku pafupifupi 30, ndiponso limalowa m'mawu aulemu onena za thupi la amayi. Nanga anthu a dziko la miyezi iwiri adzawerenga bwanji nthawi? Ana awo adzasewera liti pabwalo, nanga mbala zidzayenda usiku uti? Madzi a m'nyanja zamchere, amene pano amakwera ndi kutsika chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa, adzayenda motani? Pulaneti ya Mars ili ndi timiyezi tiwiri, Phobos ndi Deimos, timene Asaph Hall adatitulukira m'chaka cha 1877. Phobos amazungulira Mars m'maola osakwana 8, mofulumira kuposa m'mene Mars amadzizungulirira yekha, motero munthu ataima kumeneko angamuone akutuluka kumadzulo n'kukalowa kum'mawa. Chodabwitsa n'chakuti Jonathan Swift adali atapeka kale miyezi iwiri ya Mars m'buku la Gulliver's Travels m'chaka cha 1726. Kulondola chiwerengerocho udali mwayi, koma Swift adasamala kuti kayendedwe ka miyezi yake yopekayo kagwirizane ndi lamulo la Kepler. Adapeka, koma adawerengera.

Tiyeni tiyese tokha. Tiyerekeze kuti dziko lathu lili ndi mkombero ngati wa Saturn, woyenda pamwamba pa mzere wa ikweta. Popeza Dedza ili madigiri pafupifupi 14 kum'mwera kwa ikweta, munthu woima pa Chongoni angauone mkomberowo ngati uta waukulu woyera chakumpoto, wosasuntha chaka chonse. N'zokongola, ndipo mlembi waulesi angalekere pomwepo. Wakhama adzakumbukira kuti dziko lidapendekeka madigiri 23 ndi theka, ndipo kuti mthunzi wa mkombero wotere umagwera mbali imene ili m'nyengo yozizira. Ndiye kuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi, imene kale ndi yachisanu, madera ena a kum'mwera angamakhale mumthunzi masana. Mlimi wa kachewere wa ku Bembeke angasinthe nthawi yobzala m'dimba, nkhuni zingakwere mtengo, ndipo pangabadwe miyambo yopepesa uta umenewo. Isaac Asimov adachita zotere m'nkhani yake yotchedwa Nightfall ya m'chaka cha 1941. Adapeka dziko la madzuwa 6 kumene mdima umagwa kamodzi pazaka zoposa 2,000, ndipo adalondola ganizolo mpaka pamapeto pake: anthu osadziwa usiku ataona nyenyezi adasokonezeka mitu n'kutentha mizinda yawo pofuna kuwala. Phunziro lake n'lakuti amene wasintha kumwamba wasinthanso pansi. Kulondola zotsatira chotere ndi mtundu wina wa kuona mtima, ndipo munthu wozolowera kutero papepala amazolowera kutero m'moyo.

Ngongole yachiwiri ndi ya kwa anthu. Taona kuti thambo lopeka limakhala galasi la mudzi wa wolipekayo. Vuto lake n'lakuti chinthu chikakwezedwa kumwamba chimayamba kuoneka ngati lamulo la chilengedwe. Nthano ya akazi a mwezi imaphunzitsa kuchereza ndi kusamala banja, zimene n'zabwino. Koma imanenanso mwakachetechete kuti mwamuna akaonda wolakwa ndi mkazi, ndipo siifunsa ngati mwamunayo adalima kapena adabweretsa ndiwo. Mtsikana woimva usiku ndi usiku angakule akuganiza kuti mlandu umenewu udalembedwa m'nyenyezi. Sitikunena kuti nthanoyi itayidwe. Tikunena kuti wophunzira wanzeru aziikamba maso ali otsegula, ndipo akamapeka yake azidzifunsa kuti thambo lake likukweza yani ndipo likupondereza yani.

Alembi ena amaligwiritsa bwino ntchito galasi limeneli. Mu kanema wotchedwa Elysium wa m'chaka cha 2013, Neill Blomkamp, amene adabadwira ku Johannesburg, adaika anthu olemera mumzinda wokongola woyandama m'mlengalenga, osauka atatsala pansi m'fumbi ndi m'matenda. Sipafunika kuuzidwa kuti munthu wokulira m'dziko la tsankho amanena za mipanda ya kwawo. Koma kuli nkhani zinanso zambiri zimene zimaonetsa mlengalenga ngati tchire lopanda mwini, lodikira ngwazi yoti ikazike mbendera, ndipo zamoyo zopezeka kumeneko zimangokhala zilombo zoyenera kuphedwa kapena ana oyenera kuphunzitsidwa. Ife a mu Africa tiyenera kuwazindikira msanga maganizo amenewa, pakuti ndi omwe aja adakhala patebulo ku Berlin m'zaka za 1884 ndi 1885 pamene maiko a ku Ulaya adapangana za kagawidwe ka Africa eni ake palibe.

Mmodzi mwa amene adazindikira zimenezi ndi Edward Makuka Nkoloso wa ku Zambia, mphunzitsi wa sayansi amenenso adamenyera ufulu wa dziko lake. M'chaka cha 1964, pamene Zambia imalandira ufulu, iye adalengeza kuti akukonzekera kutumiza anthu ku mwezi ndi ku Mars. Achinyamata ake amawaphunzitsira kufupi ndi Lusaka powagubuduza m'migolo pamtsetse. Atolankhani a kunja adamuseka kwambiri, ndipo ulendowo sudachitike. Komabe m'zolemba zake adanenamo kuti m'chombo chake mudzakhala mmishonale, amene adamuchenjeza kuti asakakamize anthu a ku Mars kulowa Chikhristu ngati iwo sakufuna. Kaya amanena zenizeni kaya amaseka atsamunda mochenjera, mfundo yake idali yolemera kuposa migolo yake: mlendo wofika m'dziko la eni alibe ufulu wolanda mitima yawo. Patapita zaka, Namwali Serpell adamuika Nkoloso m'buku lake la The Old Drift la m'chaka cha 2019, limene lidapambana mphotho ya Arthur C. Clarke m'chaka cha 2020. Amene adasekedwa dzana lero akuwerengedwa mofatsa.

Ngongole yachitatu ndi ya kwa thambo lenileni, ndipo iyi ndiyo yolemera kwambiri, chifukwa maloto a pepala amasanduka mapulani. M'chaka cha 1865 Jules Verne adapeka nkhani ya amuna atatu onyamuka ku Florida kupita ku mwezi. M'chaka cha 1968 amuna atatu a mu Apollo 8 adanyamukadi ku Florida n'kukauzungulira mwezi, ndipo chaka chotsatira anthu adapondako. M'chaka cha 1945 Arthur C. Clarke, mlembi wa nkhani zopeka za sayansi, adafotokoza m'magazini ya Wireless World kuti makina oikidwa pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa ikweta angamazungulire limodzi ndi dziko, n'kumaoneka ngati aima malo amodzi, ndipo angamatumize mauthenga kumaiko akutali. M'chaka cha 1964 setilaiti ya Syncom 3 idaikidwa m'njira imeneyo. Mbale za kanema zimene timaziona pamadenga ku Dedza, zonse zitaloza malo amodzi osasuntha, zikuyang'ana kunjira imene munthu adayamba waiona m'mutu.

Izi zikutanthauza kuti malo ozungulira dziko lathu akukonzedwadi tsopano, ndipo okonzawo ndi anthu. Chiyambire pa 4 Okutobala 1957 pamene Sputnik idaulutsidwa, kumwamba kwakhala kukudzaza. Ubwino wake sitingaukane. Namondwe wa Freddy, amene adasakaza chigawo cha kum'mwera kwa Malawi mu Malichi 2023, adalondoledwa ndi masetilaiti kwa masabata oposa asanu kuchokera kufupi ndi Australia, ndipo machenjezo amene adaperekedwa adachokera m'zithunzi zimenezo. M'chaka chomwecho intaneti ya Starlink idayamba kupezeka m'dziko muno, kufikira malo amene nthambo sizidafikeko. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pofika chaka cha 2024 kampani imodzi yomweyi idali ndi masetilaiti oposa 6,000 m'mlengalenga, ndipo akatswiri a zakuthambo adadandaula kuti kunyezimira kwake kukudetsa zithunzi za nyenyezi. M'chaka cha 1978 Donald Kessler adachenjeza kuti zinthu zikachuluka kumwambako zidzayamba kuombana, ndipo zidutswa zake zidzaomba zina, mpaka njira zina zidzakhala zosayendeka. Mu Febuluwale 2009 masetilaiti awiri, Iridium 33 ndi Cosmos 2251, adaombanadi pamwamba pa Siberia n'kusweka m'zidutswa zoposa 2,000. Kachidutswa kothamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ngakhale kachepe ngati mtedza, kangathe kuboola chombo.

Apa nthano ya ku Kaphirintiwa ikumvekanso ngati yakambidwa dzulo. Moto sudali woipa: udaphika chakudya, udasungunula chitsulo, udaotcha mbiya. Cholakwa cha munthu chidali kuuyatsa osaganizira nyama zimene amakhala nazo. Nanga thambo n'layani? Pangano la maiko la m'chaka cha 1967 limanena kuti palibe dziko limene lingatenge mlengalenga kapena mwezi kukhala zake. Komabe m'chaka cha 1976 maiko ena a pa ikweta, kuphatikizapo Kenya, Uganda ndi Zaire, adasonkhana ku Bogotá n'kunena kuti gawo la njira ya Clarke lodutsa pamwamba pawo ndi lawo. Maiko ambiri sadavomereze, koma nkhawa yawo idali yomveka: malo m'njira imeneyo ndi owerengeka, ndipo olemera akayamba kukhala, wosauka adzapeza mphasa zonse zatha. Thambo ndilo denga la anthu onse, ndipo akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Nkhani zimene achinyamata amawerenga lero ndizo zikuumba maganizo a anthu amene mawa adzagamule za denga limeneli. Mlembi amene amaonetsa mlengalenga ngati dzala losadzaza akuphunzitsa kutaya zinyalala. Amene amauonetsa ngati chitsime cha mudzi akuphunzitsa kusamala.

Mbali ina ya ngongole yomweyi ndi kulidziwa thambo la kwanu musadapeke lina. Wophunzira wowerenga mabuku a ku Ulaya okhaokha amatha kulemba za mlenje wa ku Linthipe amene wasokera n'kupeza njira poyang'ana nyenyezi ya kumpoto yotchedwa Polaris, osadziwa kuti nyenyezi imeneyo siioneka ku Malawi. Thambo lathu lili ndi zake: nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda chakum'mwera, ndi timitambo tiwiri towala timene sitibweretsa mvula chifukwa ndi magulu a nyenyezi zosawerengeka. Lili ndi mbiri yakenso. Angoni a Zwangendaba adasunga pakamwa nkhani yoti tsiku limene amaoloka Zambezi dzuwa lidada masana, ndipo akatswiri atawerengera adapeza kuti kudalidi kadamsana mu Novembala 1835. Chikumbumtima cha anthu osalemba chidakumana ndi masamu a akatswiri, ndipo tsiku lidapezeka. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adakhazikitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni m'chaka cha 1976, wophunzira angaone m'mene Achewa, Angoni ndi Ayao adalongosolera dziko lawo. Chuma chopekera tili nacho. Alembi athu adayamba kale kuchigwiritsa ntchito: Steve Chimombo adatenga Napolo wa m'mapiri n'kumusandutsa chida chofotokozera mavuto a dziko, ndipo m'chaka cha 2015 Shadreck Chikoti adatulutsa buku la Azotus the Kingdom, lonena za Africa wa zaka 500 zikubwerazo.

Wina angatsutse kuti zonsezi n'kusenzetsa mwana mtolo wa akulu. Angati kupeka ndi masewera, ndipo masewera akachuluka malamulo amatha kukoma. Muli choona m'mawu amenewa. Sikuti nkhani iliyonse ikhale ulaliki, ndipo nkhani yolembedwa ndi cholinga chongolangiza nthawi zambiri imakhala yozizira ngati nsima ya dzulo. Mlembi aloledwe kuika mwezi wobiriwira chifukwa choti waukonda basi. Koma tikumbukire kuti ngakhale bawo ili ndi malamulo, ndipo ndi malamulowo amene amaikometsa. Wosewera amene amaponya njombwa paliponse pamene wafuna sali mfulu kuposa anzake, wangosiya kusewera. Ngongole zitatuzi sizimuuza mlembi chimene ayenera kupeka. Zimangomupempha kuti achiganizire mpaka pamapeto, aone amene chikuwakhudza, ndipo akumbukire kuti owerenga ake akatseka buku adzatuluka panja n'kuyang'ana kumwamba.

Pomaliza, tibwerere ku funso lathu. Wopeka thambo sali wabodza malinga ngati wanena "Padangotelo" wake poyera. Amasanduka wabodza pamene wayamba kugulitsa zopeka ngati zoona, monga amachitira amene amaopseza anthu kuti kadamsana kapena nyenyezi ya mchira ndi chizindikiro cha imfa ya wakutiwakuti, kapena pamene wagwiritsa ntchito nyenyezi kutsimikizira tsankho la pansi pano. Amakhala waulesi akapachika miyezi kumwamba osafunsa chimene idzachite kumunda ndi kunyanja. Koma akachita mosamala, ntchito yake ndi yofunika ngati ya mmisiri wojambula nyumba isadamangidwe, pakuti kulakwitsa papepala n'kotchipa kuposa kulakwitsa pa njerwa. Makolo a ku Chongoni ndi ku Kaphirintiwa adatisiyira thambo lokhala ndi maina, lokhala ndi malangizo, ndiponso loyera. Ophunzira a lero ali ndi ufulu wowonjezera maina ndi kukonza malangizo amene adapendekeka. Choyenera kuchisamala koposa ndi kuyera kwakeko, kuti mwana wa ku Dedza wa zaka 100 zikubwerazo akadzatuluka panja usiku wa Novembala adzathe kuloza Nsangwe ndi kudziwa kuti nthawi yokonza mbewu yakwana.